Nthenga za Apongozi Anga M'sefuliya

Ndinadzuka kusanache. Kunena zoona sindinadzuke ayi, ndinangosiya kunamizira kugona. Tinagona pansi pabalaza, azimayi okhaokha, mipando titaikankhira kukhoma, wina mutu uku wina mapazi uko, ngati matemba pa thandala. Nyimbo tinasiya msanga chifukwa nyumba za ku Bradford kuno nzogundana makoma, ukatsokomola woyandikana naye amamva. Azibambo anagona kukhitchini chokhala, majekete kumutu. Moto wapanja uja wa pamaliro kuno kulibe, ukangoyatsa amabwera a galimoto yofiira. Ndiye maliro opanda utsi, opanda nkhuni, kumangomva chitsulo chotenthetsa nyumba chikuti the, the, the pakhoma.

Amene tinkakaika tsiku limenelo anali apongozi anga, mwamuna wa mwana wanga Esinati, bambo a Tadala ndi Yamikani. Anali namwino kuchipatala chachikulu. Anagwa pa siteji ya basi akuchokera ku shifiti, mtima, basi, munthu wosadwalapo ndi chimfine chomwe. Ine ndinabwera kuno kudzalera ana kuti makolo azitha kupita kuntchito. Kwathu ndi ku Kachulu, ku Chilwa, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikuwamba milamba ndi kugulitsa matemba. Nsomba ndimaidziwa. Nchifukwa chake ine ndi apongoziwo tinali ndi nkhani yosatha.

Munthuyu anali ndi matenda a mbedza. Anawapatsira ndi azungu ena achikulire a kuntchito kwawo. Poyamba ankapita kumadamu a konkuno, kukaima pamvula tsiku lonse. Kenako matenda anakula. Holide ikakwana, anzawo akukwera ndege ya kumudzi, iwo ndi azungu awowo ulendo wa kuzilumba za pakati pa nyanja yamchere, kotentha, kumene ati madzi amalekeza m'mawondo ngakhale uyende mpaka miyendo itope, pansi mchenga woyera mbee. Ati umayenda monyang'ama ngati kakowa, maso pamadzi, ukaona mthunzi wa nsomba uponye chingwe. Ukaigwira uijambule, uisisite, uibwezere m'madzi.

Kuibwezera, abale anga. Nsomba yaitali ngati mkono wangawu.

Akabwerako, nkhope itada bii, mphuno itasupuka, ine ndinkakhala pamwamba pa masitepe, kunja kwa kachipinda kawo kogwiriramo zinthu zawozo. Kulowamo sindinkalowa. Mpongozi salowa m'chipinda cha mkamwini, ndipo m'nyumba yopapatizayi tinkachita kupatukirana pamasitepe ngati magalimoto pamlatho wamatabwa. Ndiye ndinkayankhula ndi chitseko.

"Takulandirani apongozi. Ndiwo zili kuti?"

Iwo m'katimo, ndi mawu awo ofatsa aja: "Zili m'madzi, amayi. Zikukula."

"Zikukulira ndani?"

"Amene apite chaka chamawa."

Ine nkuyamba kuzitukwana nsombazo ndi makolo ake omwe, iwo nkumangoseka chapansipansi. Zithunzi zawo za pafoni ndinkakana kuonera. Mtima unkandiwawa kuona ndiwo zikutayidwa.

Tsono nyambo yawo sinali nyongolotsi. Ankachita kuipanga. Chitseko chikakhala chotsegula ndinkasuzumira: nthenga za tambala, ubweya wa kumchira kwa gwape wopakidwa utoto, ulusi wofiira, timikanda tiwiri ta maso, zonsezo amangirire pa kambedza mpaka kaoneke ngati kankhanu. Tsiku loyamba kuziona, ine mwini ndinabwerera chambuyo nkukapemphera kubafa. Wakwathu aliyense akaona nthenga, ubweya, mikanda ndi ulusi zitamangidwa pamodzi, saganiza za nsomba.

Chimene chinandilanda tulo nchimenecho. Dzulo lake kunafika azakhali a Tadala, aNambewe, mlongo wamkulu wa malemu, amene amasamalira okalamba ku Middlesbrough. Analowa akulira, anagwira dzanja aliyense, koma atafika pa Esinati anangokhudza nsonga za zala. Atakhala pansi anayamba kuyankhula ndi khoma, mokweza kuti tonse timve.

"Mwana wa mayi anga ameneyu. Zaka zonsezi osaponda kumudzi, mayi ake maso pamsewu. Holide ikakwana, ati ali pachilumba. Lero ati ananena yekha kuti adzaikidwe konkuno. Yekha? Mwamuna wabwinobwino kugwira nsomba nkuitaya? Alipo anamumanga mutu ameneyu."

Dzina sanatchule. Panalibe chifukwa chotchulira. Ndiye pogona amayi abusa nkuti, kukacha kachipinda kapamwamba kaja ndimo azivaliramo ochokera kutali.

Ndinadzuka, ndikudumpha miyendo ya anthu, ndinakwera masitepe chokwawa kuti asalire. Ndinalowa m'kachipindamo koyamba chibwerere ku Mangalande. Munali fungo la guluu ndi la jekete lawo. Ndinati, "Pepani apongozi, ndalowa," nkumasula chitenje changa chapamwamba, nkukokoloreramo zonse, nthenga, ubweya, timabokosi ta mbedza zomangamanga. Kankhanu kamodzi kokha kanali kopanidwa pa kachitsulo komangirira kutebulo, kanandikanika, ndinangokavindikira ndi chipewa chawo. Tsono mtolowu ndikaubise kuti? Pansi pa bedi anthu aikapo zikwama. Kubini ya zinyalala ayi, sungataye katundu wa munthu tsiku lomuika. Ndinakumbuka sefuliya yaikulu ya pansi pa masitepe, imene chibatizire Yamikani sitinaphikiremo. Ndinaponyamo mtolo wanga, nkuvindikira, nkusanjikapo makina opopera fumbi. Ndinabwerera pamalo panga ndikudziona wanzeru kwambiri.

Kunacha monga kumachera kuno, kopanda dzuwa, mdima kungosanduka phulusa. Kamvula kaja kosagwa kosaleka kanali katayamba. Azibambo anamanga lona kuseri kwa nyumba, pakabwalo kamene mbuzi ziwiri sizingatembenukepo, azimayi nkuyatsa mbaula za gasi. Mpunga, nkhuku, kabichi, nyemba. Ine ndinkangoyendayenda. Ndikagwira mpeni ndausiya, ndikatenga anyezi ndaiwala kumene ndimapita naye. Namwino wina mnzake wa Esinati anandigwira paphewa.

"Agogo, takhalani pansi, bipi ikwera."

"Ikwere, ikafike kudenga, ine ndilibe nayo ntchito."

Anthu anayamba kufika. Anamwino ochokera ku shifiti, chitenje pamwamba pa yunifolomu, maso ofiira ndi tulo. Anyamata amene anabwera kudzaphunzira nkukhazikika, masuti akuda, akuyankhula Chichewa theka Chingerezi theka, ena a ku Leeds, ena a ku Wakefield anabwera pa sitima. Magalimoto anadzaza msewu wonse. Mayi wa ku Pakistani wa nyumba yoyang'anana nafe anabwera ndi thireyi ya samusa, anaika, anagwira pamtima, nkubwerera. Mzungu wokalamba wa pafupi, amene masiku onse amadandaula za phokoso langa, anachotsa galimoto yake pakhomo kuti ya maliro idzapeze poima. Nsapato pakhomo zinaunjikana mpaka chitseko kukanika kutsekeka.

Anthu atachuluka choncho, mpunga unachepa. Ndinamva mayi wina wa ku Zambia, amene ankayang'anira zophika, akufunsa ngati m'nyumba muno mulibe poto wina wamkulu. Ndinali ndi kapu ya tiyi m'manja, pakati pa anthu, kanjira kodzaza. Ndinati, "Mulibe, mulibe," koma wina anali atayankha kale kuti pansi pa masitepe. Ndinakankha anthu, tiyi kutayikira m'busa wina pa thalauza, koma pamene ndinkafika kuseri, sefuliya inali pansi pa lona, chivindikiro chitachotsedwa.

Mayiyo anapisa dzanja kuti achotse mtolowo. Mbedza imodzi inali itaboola chitenje. Inamubaya pachala, iye nkuponya mtolo uko, mfundo nkumasuka. Nthenga zofiira, zachikasu, ubweya, timaso ta mikanda, zonse mbwee pa simenti yonyowa. Kadontho ka magazi kakutsika pachala.

"Ni vichani ivi?" anatero. "Amai, ni vichani ivi mu poto?"

Mipeni inasiya kudula. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo. Wina anayamba kupemphera chamumtima milomo ikugwedera. Sindikudziwa anakawaitana ndani, koma aNambewe anatulukira pakhomo la kukhitchini, duku lakuda, manja kumbuyo. Anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Zinali kuti izi?"

"M'sefuliya," wina anayankha.

"Yophikira anthu a pamaliro a mchimwene wanga."

Ine ndinalowa pakati. Mawu anga mukuwadziwa amene mumandidziwa, amamveka kutsidya kwa msewu. "Ndaika ndine, aNambewe, musayang'ane wina. Nzowedzera nsomba zimenezo. Ankapanga okha apongozi, ndi manja awo."

"Kwanu ku Chilwa nsomba zimadya nthenga?"

"Zakwathu ayi, koma za kuzilumbazo nzopusa, zimadya."

"Zimadyanso mikanda?"

"Amenewo ndi maso."

"Maso." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Mnyamata wina wa suti anayesa kuthandiza, ati anti, nzoona, ndi masewera chabe a azungu, amagulitsa m'mashopu. ANambewe sanamuyang'ane nkomwe. Anayang'ana ine. "Chabwino, nza nsomba. Tsono ngati nza nsomba, mwabisiranji?"

Pakamwa pangapa, pamene sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi, panati gwa. Ndikanati chiyani? Kuti ndimaopa inu? Ndiye kuti ndikuvomera kuti nzoopsa.

ANambewe anawerama, anatola chimodzichimodzi ndi pepala la m'khitchini kuti asakhudze, anamanganso chitenje changa chija nkuchiika m'chikwama mwawo. "Ndikayankhula kumanda m'malo mwa banja," anatero. "Foni ikakhala yotsegula. Amayi ku Ntcheu akamva okha chimene chinkasunga mwana wawo kuno."

Amene simukudziwa, mawu onenedwa pamanda sabwezedwa. Akananena zimenezo, Esinati akanakhala mkazi amene anadyetsa mwamuna mankhwala mpaka kumupha, kuyambira m'mawodi a kuchipatala kuno mpaka pa chitsime ku Ntcheu. Tadala ndi Yamikani sakanadzapondanso kwa bambo awo. Ndipo mtolo wake ndinamanga ndine.

Nkhani inakwera masitepe msanga kuposa ine. Ndinapeza Esinati ataima pakhomo la chipinda chake, atavala kale zakuda, azimayi awiri atamugwira m'mikono.

"Amayi, munalowa m'chipinda mwake?"

"Ndimafuna kukutchinjiriza, mwana wanga."

"Zikanakhala patebulo, aliyense akanaona kuti ndi patebulo pa ntchito. Pali mabuku a nsomba pamenepo, pali zithunzi." Sanakweze mawu. Bola akanakuwa. Anatembenuka, ndipo kuyambira pamenepo mpaka usiku sanandiyankhulenso.

Galimoto ya maliro inafika, yaitali, magalasi okhaokha, bokosi likuoneka ndi maluwa pamwamba. Kutsogolo kunkayenda mzungu wa chipewa chachitali ndi ndodo, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto kwa msewu wathu. Azimayi anayamba nyimbo, ndipo tsiku limenelo palibe woyandikana naye anadandaula. Makatani ankagwedera m'mawindo. Bambo wina wokonza msewu anavula chisoti. Ine anandikweza galimoto imodzi ndi ana. Tadala anandigwira dzanja nkundiuza zinazake m'Chingerezi, ine nkuyankha kuti eya, eya, maso ali pagalimoto yakutsogolo mmene munali chikwama chija.

M'tchalitchi sindinamve ulaliki. Anandipatsa kapepala ka ndondomeko kokhala ndi chithunzi cha apongozi, ine kuwerenga sindidziwa, ndinangokapindapinda mpaka kanang'ambika. Ndinasuntha mpando kawiri kufuna kuyandikira chikwamacho. Maganizo anali akuti akaimirira kuimba ndichikoke, ndithawire nacho kuchimbudzi. Koma aNambewe anachipanira kukhwapa ngati nkhuku yopita nayo kumsika. Ndikakhala, msana kuyabwa. Ndikaima, maso pachikwama chija. Amayi abusa anandiyang'ana ndi diso lija.

Potembenuka ndinaona azungu atatu kumbuyo kwenikweni, achikulire, mphuno zofiira, masuti owathina. Ndinawazindikira, ndi aja ankabwera kudzatenga apongozi ndi galimoto yodzaza ndodo. Ndipo pachifuwa pa jekete, pamene anthu amabayapo duwa, aliyense anabayapo kankhanu ka nthenga. Mtima wanga unati myaa, ndinati Mulungu wanditumizira mboni. Koma aNambewe nawonso anatembenuka. Anayang'ana, nkukoka mayi wa pambali pawo, ndipo kunong'ona kwawo kunafika mpaka kwa ine.

"Mwaona? Ndi gulu."

Kumanda kunali mphepo yolowa m'mafupa. Manda a kuno ndi dambo lalikulu lopanda mtengo wa mthunzi, miyala ili ndondondo. Adzukulu kulibe, dzenje amakumba ndi makina, m'mbali nkuyalamo kapeti wobiriwira kuti dothi lisaoneke, ngati dothi ndi chinthu chochititsa manyazi. Anthu ankatsika m'magalimoto, maambulera akutembenuzika. Panali kanthawi kodikira kuti onse afike, bokosi likadali m'galimoto. Ndinadziwa kuti kanthawi kameneka kakatha, basi.

Ndinapita kwa wamkulu wa azungu aja, wa ndevu zoyera. Atandiona anavula chipewa. "Phephani, agougou," anatero, monga anamuphunzitsira apongozi. Ine ndinamugwira mkono wa jekete nkuyamba kumukoka. Munthu wamkulu ngati chitseko, koma anabwera. Ndinamuimika pamaso pa aNambewe, kuseri kwa minibasi.

Chingerezi changa ndi cha m'basi, halo ndi thenkyu. Ndinaloza kankhanu ka pachifuwa pake. Ndinati, "Fishi." Anati yesi. Ndinati, "Foni. Fishi. Foni." Anangondiyang'ana. Ndiye ndinatseka ambulera yanga, pamvula pomwepo, nkuigwira ngati ndodo. Ndinkawaona apongozi akuyeserera pa kapinga wa kupaki, kuwedza pouma ana asukulu akuwaseka. Ndinaponya kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, pakamwa ndikuti fyuu, fyuu. Ndinanyang'ama ngati kakowa pakati pa magalimoto. Ndinakoka, ndinalimbana nayo, ndinagwada m'matope ndi diresi langa la maliro, nkuitola nsombayo, nkuisisita. Anthu onse anatembenuka. Ndinamva wina akuti agogo aja mutu wasokonekera. Duku linagwa.

Mzunguyo anaseka kamodzi, kenako nkhope inakwinyika, misozi nkutsikira m'ndevu. Anapisa m'thumba, anatulutsa foni, anafufuza ndi chala chake chonenepa, nkuipereka.

ANambewe sanafune kuilandira. Ndinawaikira pamaso. "Onani. Mukatero kanenani zimene mukufuna. Inenso sindinaonepo."

Tinaunjikana mitu pansi pa ambulera yawo. Pafonipo panali dzuwa lothobwa m'maso, madzi oyera ngati a m'botolo, kumwamba ndi nyanja osadziwika polekanira. Apongozi anali ataima pakati, madzi m'mawondo, chipewa chija ndinavindikira nacho kachitsulo. Anaonetsa kankhanu ka nthenga kwa wojambula, akuseka mano onse panja, kuseka kumene m'nyumba muno sindinakuonepo. Anaponya. Chingwe chinauluka, chinagona pamadzi. Kenako ndodo inapindika, kagudumu ka chingwe kakulira, iwo akuthamanga m'madzi ngati kamwana. Anaikoka. Nsomba yonyezimira ngati lata latsopano, ndipo pamlomo pake, poonekeratu, nthenga zija ndi timaso take ta mikanda.

"Zimadya," ndinatero.

Apongozi anachotsa mbedza mosamala, anagwada, anaigwira nsombayo m'madzi ndi manja awiri, akuisisita pamsana. Anaweramira pafupi nayo nkuyankhula, m'Chichewa, pamaso pa azungu amene sankamva kanthu.

"Pita. Usakanene kwa bambo."

Nsomba inagwedeza mchira, zii.

Ambulera inapendekeka, madzi nkunditsikira m'khosi. ANambewe anati, "Bwezerani." Mzungu anamva ndi maso, anabwezera. ANambewe anaonera kachiwiri, khutu pafupi ndi foni. Nkhope yawo sindinathe kuiwerenga. Anabweza foniyo, anapanira chikwama kukhwapa, nkumapita kumanda, chifukwa abusa anali atayamba kuitana.

Bokosi analitsitsa ndi malamba. Tinaimba. Abusa anawerenga, mphepo ikuwalanda mawu. Kenako anati, wa kubanja la malemu. Mnyamata wina anakweza foni m'mwamba, kumudzi akumva. Ine ndinaima kumbuyo kwa Esinati, matope m'mawondo, mutu wopanda duku. ANambewe anapita kumutu kwa dzenje nkutsegula chikwama. Ndinatseka maso. Nditatsegula, m'manja mwawo munali kampango kopukutira misozi.

"Amayi, mukundimva? Ndine Nambewe." Pafoni panamveka kamawu kakang'ono, kakutali. "Amayi, mukukumbuka ulimbo wa bambo kudimba? Bambo ankatchera m'mawa, nkumutuma uyu kuti akaonjole. Ankabwera chimanjamanja, ati sizinakole. Tsiku lina ndinamutsatira. Ndinamupeza atakhala pansi, mpheta m'manja, akuichotsa ulimbo m'mapiko ndi malovu, nthenga imodziimodzi. Atatha anaiuza kuti, pita, usakanene kwa bambo. Ine ndinakanena. Anakwapulidwa mpaka kukanika kukhala pansi. M'mawa mwake anakachitanso."

Anthu ena anaseka, ena analira, ena zonse pamodzi. Kamawu ka pafoni kanati, "Ndi yemweyo, ndi yemweyo."

"Ndinabwera ndi mawu ena," anapitiriza. "Ena mwa inu mukuwadziwa. Ndawasiya. Munthuyu palibe anamupusitsa, anabadwa choncho, tinkagona ndi njala ya ndiwo chifukwa cha iyeyu." Anayang'ana m'dzenje. "Koma kumudzi ukanabwera, iwe. Nsomba unkazipitira kutali konseko, amayi ako osawapitira. Pamenepo unalakwa, ndipo ndikukuuza uli pompano."

Anapukuta m'maso. Anazungulira dzenje mpaka pamene panali Esinati, nkumugwira dzanja, lonse, mpaka pamkono. "Alamu, tiyeni tiponye dothi."

Namwino uja wa bipi anabwera kudzandigwira mkono.

Azungu atatu aja anafunsa kaye kwa Esinati, kenako aliyense anachotsa kankhanu kake pachifuwa nkuponya pabokosi. Azimayi ena anayang'ana kumbali, ndipo mayi wa ku Zambia uja, chala chili ndi pulasitala, anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anyamata athu anapempha mafosholo kwa ogwira ntchito kumandako, amene ankafuna kudikira kuti tichoke akwirire ndi makina. Ife sitisiya munthu wathu pa dzenje lotsegula. Anavula majekete, nkumalandirana, nsapato zawo za muofesi zikumira m'matope. Mzungu wa ndevu naye analandira fosholo. Anthu a kumanda ankangoyang'ana mawotchi.

Kuholo ya tchalitchi anthu anadya, mpunga unakwanira ngakhale sefuliya ija palibe anavomera kuphikiramo. ANambewe anandipeza pakona, basi yawo ya ku Middlesbrough itatsala pang'ono. Anatulutsa mtolo uja nkuuika pamiyendo panga.

"Chitenje chanu ichi. Sefuliya ija mukaitsuke ndi sopo."

"Nditsuka."

"Ndipo kumanda sikovinira, amayi. Munthu wamkulu ngati inu."

"Mukanaonera foni ndikanapanda kuvina?"

Sanaseke, koma pakona pa mlomo panagwedera. Anati holide ikubwerayi ana apite nawo ku Ntcheu, agogo awo akawaone maso akadalipo. Ndinati zimenezo mukambirane ndi alamu anu, ine lero ndayankhula zokwanira.

Madzulo anthu anabalalika, ena kukagwira shifiti, ena kuthamangira sitima. Azimayi anatsuka mbale, azibambo anamasula lona nkubwezera mipando m'malo mwake. Nsapato pakhomo zinatsala zathu zokha, ndi za apongozi zakuntchito zimene palibe analimba mtima kuzichotsa. Ana anagona pa sofa osavula zakuda. Esinati analowa kuchipinda kwake nkutseka chitseko, osandiyang'ana.

Ndinatsuka sefuliya. Ndinakwera ndi mtolo wanga, ndinapepesanso pakhomo, nkulowa. Sindinadziwe kuti chiti chimakhala pati. Nthenga ndinaika ndi nthenga zinzake, ubweya ndi ubweya, zonyowa ndinaziyanika pa chitsulo chotenthetsa nyumba. Nditachotsa chipewa chija, kankhanu kanali pomwepo pa kachitsulo, kosatha, diso limodzi lokha, ulusi ukulendewera. Ndinakasiya choncho. Ndinatuluka nkukoka chitseko monga ankachikokera eni ake.

Miyendo imene inandiyendetsa tsiku lonse inakana kutsika masitepe. Ndinakhala pamalo panga paja. M'nyumba munali zii, mvula yokha pawindo. Ndinakhala, ndinakhala, kenako pakamwa panga panatseguka pokha, koma mawu ake anatuluka aang'ono, osakhala anga.

"Apongozi. Ndiwo zili kuti?"

Chitseko chinangokhala chete. Ndinagwira chitenje kukamwa.

Kenako kuseri kwa chitseko china, cha Esinati, kunamveka mawu osasa, a munthu amene walira tsiku lonse.

"Zili m'madzi, amayi."

Ndinadikira. Bedi linalira, mapazi anayenda, loko anatembenuka. Anabwera nkukhala pa sitepe yapansi pa yanga, mutu wake pa mawondo anga amatope aja.

"Zikukula," anatero.